Mmene mungapezere kakhalidwe ka maatomu a siliva ndi kopa pa kompyuta

Siliva ndi kopa zikasungunuka zimasakanizika bwinobwino, koma zikamauma zimapatukana, china uku china uko. Osula zitsulo anazidziwa kalekale zimenezi. Nkhani imasintha maatomu akachepa kwambiri, akakhala 34 kapena 55 basi. Kagulu kotere kukula kwake ndi pafupifupi nanomita imodzi, ndiye kuti milimita mutaigawa m'zidutswa miliyoni n'kutengapo chimodzi. Pamenepo palibenso malo oti chitsulo chilichonse chikakhale kwachokha. China chiyenera kulowa mkati, china chitsale kunja, ndipo maonekedwe a kagulu konse amadalira mmene zagawanirana malowo. Akatswiri amatitcha timagulu ta zitsulo ziwiri totere nanoalloy, ndipo amatifuna kwambiri pa ntchito yofulumizitsa kusintha kwa makemikolo, chifukwa maatomu ambiri amakhala poyera. M'kagulu ka 55, maatomu 42 ali kunja.

Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi laputopu, akudziwa Python pang'ono, ndipo akufuna kompyuta imusonyeze kuti atomu iliyonse imakhala pati. Ambiri akamayamba amathamangira pulogalamu yolondola kwambiri imene angaipeze. Koma ntchito yaikulu ili pa kufufuza kagulu ka mphamvu yotsikitsitsa, chifukwa ndi kamene maatomu amasankha okha. Mutha kuwerengera mphamvu ya kagulu molondola chotani, ngati kaguluko si kamene maatomu angasankhe okha, nambala yanuyo ilibe ntchito.

1. Yambani ndi kagulu kamene yankho lake likudziwika

Musayambe ndi funso latsopano. Mu 2004 Giulia Rossi, Riccardo Ferrando ndi anzawo a ku yunivesite ya Genoa ku Italy, mothandizana ndi akatswiri ena, anasonyeza kuti kagulu ka maatomu 27 a siliva ndi 7 a kopa, kamene kamalembedwa Ag27Cu7, n'kokhazikika modabwitsa. Maatomu 7 a kopa amakhala mkati: asanu mozungulira, imodzi pamwamba, ina pansi. Siliva yense amakuta kunja, ndipo atomu iliyonse ya kopa imazunguliridwa ndi maatomu 12. Kaguluka n'kathyathyathya pang'ono, ka mbali zisanu zofanana.

Kameneka ndiye muyeso wanu. Njira imene mwakonza ikalephera kupeza Ag27Cu7 yotere, musaikhulupirire pa kagulu kena kalikonse.

2. Konzani zida

Mukufunika ASE, phukusi laulere la Python lochokera ku DTU, yunivesite ya zaumisiri ya ku Denmark. Lembani `pip install ase` basi. Poonera timagulu, lamulo la `ase gui` likukwanira, ngakhale OVITO imaonetsa bwino kuposa. Mitunda imayezedwa mu angstrom, Å, imene ndi gawo limodzi la magawo khumi a nanomita, ndipo mphamvu imayezedwa mu eV (electronvolt), muyeso waung'ono woyenera maatomu.

3. Mangani kagulu kamodzi ndi manja, muone chimene chikuchitika

Musanapereke ntchito yofufuza kwa kompyuta, mangani icosahedron ya maatomu 55. Ameneyu ndi mpangidwe wa nkhope 20 za ngodya zitatuzitatu, umene Alan Mackay anaufotokoza mu 1962. Umadzaza bwino pa maatomu 13, 55, 147, 309 ndi 561. Pa 55 pali atomu imodzi pakatikati, 12 moizungulira, ndi 42 kunja.

```
from ase.cluster import Icosahedron
from ase.calculators.emt import EMT
from ase.optimize import BFGS

kagulu = Icosahedron('Ag', noshells=3)
pakati = kagulu.get_center_of_mass()
mtunda = ((kagulu.positions - pakati)**2).sum(axis=1)
for i in mtunda.argsort()[:13]:
    kagulu[i].symbol = 'Cu'
kagulu.calc = EMT()
BFGS(kagulu).run(fmax=0.01)
print(kagulu.get_potential_energy())
kagulu.write('cu13ag42.xyz')
```

Mizere imeneyi ikumanga kagulu ka siliva yekhayekha, ikusandutsa maatomu 13 a mkati kukhala kopa, kenako BFGS ikusuntha maatomu pang'onopang'ono mpaka chikoka chotsala pa atomu iliyonse chitatsika pansi pa 0.01 eV/Å. Zimatha musanachotse dzanja pa kiyibodi. Nambala imene ituluke idzakhala pamwamba pa ziro, ndipo musadabwe nazo: EMT ya mu ASE, fomula imene ikuwerengera mphamvu pano, imatenga chitsulo chachikulu chathunthu ngati ziro, ndiye kagulu kokhala ndi maatomu ambiri poyera kamaposa pamenepo.

Tsopano sinthani `[:13]` akhale `[-13:]`, kuti kopa apite kunja kwenikweni, makamaka pa nsonga. Yerekezani nambala ziwirizo, muone mmene mphamvu ikukwerera kopa akatuluka. Zifukwa zake n'zitatu, ndipo pa zitsulo ziwirizi zonse zikukokera mbali imodzi. Choyamba, kopa ndi wamng'ono: m'chitsulo chathunthu maatomu oyandikana amatalikirana 2.56 Å, pamene a siliva 2.89 Å, kusiyana kwa pafupifupi 13 peresenti. Mu icosahedron mitunda yolowera pakati ndi yaifupi ndi pafupifupi 5 peresenti kuyerekeza ndi ya pankhope, choncho mkati mumakhala mothinana, ndipo atomu yaing'ono ikakhala mmenemo kupanikizana kumachepa. Chachiwiri, kopa amagwirana mwamphamvu kuposa siliva: kuchotsa atomu imodzi m'chitsulo cha kopa kumafuna 3.49 eV, cha siliva 2.95 eV. Wogwira mwamphamvu ndiye amapindula kwambiri pokhala mkati mmene oyandikana nawo ali ambiri. Chachitatu, siliva sataya zambiri pokhala poyera.

Pa zitsulo zina zifukwa zimenezi zimalimbana. Golide ndi kopa, mwachitsanzo, zimakondana, moti m'chitsulo chathunthu zimandandalikana mwadongosolo monga Cu3Au ndi CuAu. Pamenepo simungalose ndi mutu wokha.

4. Dziwani kukula kwa ntchito imene mukuiyamba

Ngakhale mpangidwe utakhala umodzi wosasintha, pali njira zambirimbiri zogawira malo kwa zitsulo ziwirizi. Julius Jellinek wa ku Argonne National Laboratory ku America anatcha timagulu tofanana mpangidwe koma tosiyana kagawidwe ka malo kuti homotop. Chiwerengero chake ndi N! kugawa ndi m! ndi n!, pamene N ndi maatomu onse, m ndi n ndi maatomu a chitsulo chilichonse, ndipo ! akutanthauza kuchulukitsa manambala onse kuyambira 1 mpaka nambalayo. Pa Ag27Cu7 zimatuluka 5,379,616. Pa Cu13Ag42 zimaposa 1.4 thiliyoni. Zina mwa izi ndi kagulu komweko kongotembenuzidwa, koma ngakhale mutazichotsa, zotsalazo simungaziyese chimodzichimodzi. Ndiye wonjezeranipo kuti mpangidwe nawonso suli umodzi.

N'chifukwa chake ntchitoyi imagawidwa pawiri, monga mmene amachitira ndi mphale: amayamba apeta ndi lichero kuchotsa gaga wambiri mwachangu, sefa imabwera pamapeto ufa utachokera kuchigayo. Lichero lanu ndi potential yotchipa, sefa ndi DFT (density functional theory), njira yolondola kwambiri koma yodya nthawi imene imawerengera maelekitironi.

5. Sankhani potential yotchipa

Potential ndi fomula yopereka mphamvu ya kagulu kuchokera pa mitunda ya pakati pa maatomu, osawerengera maelekitironi. EMT ndi yabwino pophunzirira, ndipo imadziwa Cu, Ag, Au, Ni, Pd, Pt ndi Al. Pa kafukufuku weniweni wa timagulu ta zitsulo ambiri amagwiritsa ntchito ya Gupta, imene inatuluka mu 1981. Ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi yokankhana, imene imangowonkhetsa awiriawiri. Ina ndi yokokana, ndipo pamenepa mumayamba mwawonkhetsa oyandikana onse a atomuyo, kenako n'kutenga square root. Square root imeneyi ndiyo mtima wa nkhani: imachititsa kuti atomu ya oyandikana ochepa igwire mwamphamvu aliyense amene ali pafupi, monga zimachitikira pankhope ya chitsulo chenicheni.

Awiri alionse, Ag ndi Ag, Cu ndi Cu, Ag ndi Cu, amafuna manambala asanu: A, ξ, p, q ndi r0. Cleri ndi Rosato anasindikiza manambala a zitsulo zambiri mu 1993, ndipo magulu ena ali ndi awoawo. Musatenge a siliva m'pepala ili, a kopa m'pepala lina. Tengani onse pamalo amodzi. Samalani makamaka ndi a Ag ndi Cu, chifukwa ndi amene amanena ngati zitsulozi zikondane kapena zipatukane. Ena amangotenga pakatikati pa manambala a zitsulo ziwirizo. Kwa ine njira imeneyo ndi yongoyambira. Manambala oyenera ndi amene anakonzedwa kuti agwirizane ndi mmene chitsulo china chimalowera mwa chinzake.

6. Fufuzani

Apa ndi pamene nthawi yanu yambiri iyenera kuthera. BFGS imene munagwiritsa ntchito ija imangotsetsereka kulowa m'chigwa chapafupi cha mphamvu. Siidziwa ngati kuseri kwa phiri kuli chigwa china chozama kuposa. Njira yodumphira zigwa imatchedwa basin hopping, ndipo David Wales ndi Jonathan Doye anaifotokoza mu 1997. Imayenda chonchi. Mwazani maatomu 34 mwachisawawa mu mpira waung'ono, osalola awiri ayandikane kwambiri, n'kutsetsereka. Sungani mphamvuyo. Gwedezani kagulu, tsetserekaninso. Mphamvu ikatsika, landirani kagulu katsopanoko. Ikakwera, kalandireni nthawi zina potsatira lamulo la Metropolis, kuti kukwera pang'ono kulandiridwe kawirikawiri, kukwera kwambiri kulandiridwe mwa apo ndi apo. Bwerezani maulendo masauzande ambiri.

ASE ili ndi BasinHopping yakeyake, koma imangogwedeza maatomu. Pa zitsulo ziwiri kugwedeza kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene oyamba ambiri amasokera. Atomu ya kopa ikatsekeredwa pankhope, singalowe mkati mwa kungogwedezedwa, chifukwa njira ndi yotsekeka. Muyenera kuwonjezera kusinthanitsa: sankhani atomu imodzi ya siliva ndi imodzi ya kopa, zisinthane malo, n'kutsetsereka. Ndi mizere yochepa ya Python. Mukafuna kuchenjera, sankhani kopa wa oyandikana ochepa ndi siliva wa oyandikana ambiri, pakuti n'kumene phindu lingakhale. Musatero nthawi zonse, komabe, chifukwa mukatero mukuuza kompyuta yankho limene mukufuna kumva. Sakanizani ndi kusinthanitsa kwachisawawa. Njira ina yothandiza ndi kutenga atomu imene yagwira mofooka kwambiri n'kukaiika pena pankhope.

Kukula kwa kugwedeza ndi kutentha kwa Metropolis muzisintha poona zimene zikuchitika. Zoyesa zikamalandiridwa pafupifupi zonse, mukungoyendayenda pamwamba. Zikamakanidwa pafupifupi zonse, mwamatirira m'chigwa chimodzi. Yambani ndi kugwedeza kwa 0.3 kapena 0.4 Å ndipo musinthe mpaka pafupifupi theka lizilandiridwa.

Ulendo umodzi si umboni. Yambitsani maulendo khumi kapena makumi awiri, uliwonse ndi poyambira pake. Ambiri akafika pa kagulu komweko ka mphamvu yotsikitsitsa, mtima ukhoza kukhala m'malo. Uliwonse ukathera kwake, simunafufuze mokwanira. Wonjezeraninso maulendo oyambira pa mipangidwe yodziwika, monga zidutswa za icosahedron, decahedron, ndi octahedron yodulidwa nsonga, imene pa maatomu 38 mumaipeza ndi `Octahedron('Ag', 4, cutoff=1)`. Pa maulendo amenewa muzingosinthanitsa malo.

Ena amakonda genetic algorithm, imene imadula timagulu tiwiri pakati n'kulumikiza theka la aka ndi theka la ako. Deaven ndi Ho anabweretsa njira yodulayi mu 1995, ndipo gulu la Roy Johnston ku Birmingham linaigwiritsa ntchito kwambiri pa zitsulo ziwiri. Ndi yabwino, koma kwa woyamba ndimalangiza basin hopping, chifukwa ikalakwika n'kosavuta kuona palakwika. Gulu la Wales ku Cambridge lili ndi pulogalamu yake yotchedwa GMIN, ngati simukufuna kulemba yanuyanu.

Kagulu kalikonse katsopano muzikalemba m'failo nthawi yomweyo, osadikira mapeto. Magetsi akathima usiku mudzapitiriza pamene munalekera.

7. Sankhani zopita ku DFT

Musatenge kagulu kamodzi kapamwamba basi. Gupta sadziwa za maelekitironi, ndipo amakonda mipangidwe ina mopitirira muyeso. Kagulu kamene wakaika pa nambala 15 kakhoza kukhala koyamba DFT ikawerengera. Musatengenso makumi atatu oyambirira pamndandanda, chifukwa kawirikawiri amakhala mpangidwe umodzi wongosiyana atomu imodzi kapena ziwiri. Gawani timagulu m'mabanja potengera mpangidwe. Common neighbour analysis ya mu OVITO, imene imazindikira mpangidwe poona oyandikana a atomu iliyonse, imathandiza, koma maso anunso agwire ntchito: tsegulani mafailo, tembenuzani timagulu, muone. Kenako tengani atatu kapena asanu abwino m'banja lililonse.

8. Werengerani ndi DFT

DFT imawerengera maelekitironi, ndipo mtengo wake ndi wokwera: maatomu akachuluka kawiri, nthawi imachuluka pafupifupi kasanu ndi katatu. GPAW, yochokeranso ku DTU, ndi yaulere ndipo imagwirizana ndi ASE mosavuta. Quantum ESPRESSO nayo ndi yaulere. VASP ya ku Vienna imafuna laisensi yolipira. Laputopu ingathe kagulu kamodzi kapena tiwiri ta maatomu 34 mukaleza mtima, koma timagulu makumi awiri timafuna kompyuta yaikulu. M'chigawo chathu chino yodziwika ndi Lengau ya CHPC, likulu la makompyuta amphamvu ku Cape Town, imene inatsegulidwa mu 2016. Funsani amene akukuyang'anirani ngati pali mgwirizano umene mungalowere.

Ikani kagulu m'bokosi lokhala ndi malo opanda kanthu osachepera 6 Å mbali zonse, ndi `kagulu.center(vacuum=6.0)`, chifukwa pulogalamu imabwereza bokosilo mbali zonse, ndipo kagulu sikayenera kukokana ndi zithunzi zake za m'mabokosi oyandikana. Pulogalamu ikafunsa za k-point, imodzi yotchedwa Gamma ikukwanira, poti kagulu kali kokha m'bokosi. Functional ndi fomula yoyerekezera mmene maelekitironi amakhudzirana, ndipo yoyambira ndi PBE, ya Perdew, Burke ndi Ernzerhof ya 1996. Dziwani kuti imatalikitsa pang'ono mitunda ya siliva ndipo imachepetsa kugwirana kwake, ndiye timagulu tiwiri tikayandikana kwambiri pa mphamvu, yesaninso ndi functional ina muone ngati ndandanda ikusintha. Smearing, kumene ndi kumwaza maelekitironi pang'ono pa milingo yoyandikana kuti kuwerengera kuyende bwino, ikhale yaing'ono, 0.05 eV kapena kutsika, chifukwa kagulu kakang'ono kali ndi milingo ya mphamvu yotalikirana imene smearing yaikulu imaifafaniza.

Pali chinthu chimene anthu amaiwala. Atomu ya kopa ndi ya siliva iliyonse ili ndi maelekitironi akunja 11. Kagulu ka maatomu 55 kamakhala ndi elekitironi imodzi yopanda mnzake, ndiye muyenera kuyatsa spin, kuti pulogalamu iwerengere maelekitironi opanda anzawo. Pa 34 onse akhoza kukhala awiriawiri.

Mu GPAW yambani ndi LCAO, imene ndi yachangu, kuti maatomu afike pafupi ndi malo awo, kenako malizani ndi plane waves, njira yochedwa koma yolondola kuposa LCAO, mpaka chikoka chitsike pansi pa 0.02 eV/Å. Zonse zimene mwasankha zikhale chimodzimodzi pa timagulu tonse timene mukuyerekeza. Pa kagulu kopambana werengeraninso kunjenjemera kwa maatomu. Pa maatomu 34 payenera kutuluka mitundu 96, ndiye kuti 3N kuchotsa 6, ndipo yonse ikhale manambala enieni. Umodzi ukatuluka imaginary, ndiye kuti square root ya nambala ya pansi pa ziro, kaguluko kakhala pampata wa pakati pa zigwa ziwiri, sikanafike pansi. Kasuntheni pang'ono motsatira kunjenjemerako n'kutsetserekanso.

9. Yerekezani kasakanizidwe kosiyanasiyana

Mphamvu ya Ag27Cu7 simungaiyerekeze mwachindunji ndi ya Ag26Cu8, poti maatomu ake ndi osiyana. Gwiritsani ntchito excess energy: tengani mphamvu ya kagulu, chotsanipo m/N ya mphamvu ya Ag34, chotsaninso n/N ya mphamvu ya Cu34. Izi zikutanthauza kuti Ag34 ndi Cu34 nazonso muzifufuze ndi khama lomwelo. Jambulani zotsatira kuyambira kopa 0 mpaka 34. Pamene mzere watsika kwambiri ndi pamene pali kasakanizidwe kokhazikika, ndipo ngati zonse zayenda bwino muyenera kuona dzenje looneka pa kopa 7.

Mukafika apa yang'anani milingo ya maelekitironi ya Ag27Cu7, makamaka mpata wa pakati pa HOMO, mulingo wapamwamba wokhala ndi maelekitironi, ndi LUMO, mulingo wotsatira wopanda kanthu. Mudzaupeza waukulu kuposa wa timagulu toyandikana nako. Chifukwa chake n'chokoma kuchimva. Atomu iliyonse imapereka elekitironi imodzi ya s yoyenda momasuka m'kagulu konse, ndipo maelekitironi otere amadzaza zigoba pa 2, 8, 18, 20, 34, 40 ndi 58. Choncho pa 34 mpangidwe wa maatomu watsekeka bwino, chigoba cha maelekitironi chadzazanso. Gupta amaona mbali yoyamba yokha. Mbali yachiwiri ndi imene munalipirira maola onse aja a DFT.

10. Bweretsani kutentha ndi mpweya

Zonse zimene mwachita mpaka pano zikunena za kagulu kamene kali kokha, kosakhudza chilichonse, pa 0 K (kelvin), pamene palibe kutentha konse. Pa 300 K, pafupifupi 27 °C, mphamvu ya kutentha, kT, ndi pafupifupi 0.026 eV, ndiye timagulu tosiyana ndi pang'ono chabe tonse tikhoza kupezeka m'labotale. Polemba zotsatira tchulani timagulu tonse timene tili pafupi ndi koyambako.

Kuti muone mmene kagulu kamapirira kutentha, bwererani kwa Gupta muchite molecular dynamics, kumene ndi kutsatira kayendedwe ka maatomu sitepe ndi sitepe. Sitepe ya 5 femtosecond (femtosecond ndi sekondi yogawidwa m'zidutswa mathiliyoni 1,000) ndi yabwino pa zitsulo zolemerazi. Kwezani kutentha pang'onopang'ono, mudikire pa mulingo uliwonse, n'kujambula mphamvu motsatana ndi kutentha. Pamene mzere wadumpha ndi pamene kagulu kasungunuka, ndipo padzakhala pansi kwambiri kuyerekeza ndi 962 °C ya siliva kapena 1085 °C ya kopa. Bwerezani kangapo, chifukwa pa timagulu tating'ono kudumphako sikuchitikira pamalo amodzi nthawi zonse.

Ngati mukuyerekeza ndi zithunzi za maikulosikopu ya maelekitironi ya mtundu wa HAADF-STEM, kumbukirani kuti atomu yolemera imawala kwambiri. Nambala ya siliva ndi 47, ya kopa 29, choncho siliva ndiye wowala. Mukapeza kuti chithunzi chikusonyeza kopa kunja pamene kompyuta yanu yamuika mkati, musafulumire kutaya ntchito yanu. Funsani ngati timaguluto tinakhudzana ndi mpweya. Kopa amagwirana ndi okosijeni mwamphamvu kuposa siliva, ndipo okosijeni amatha kumukokera kunja. Izi mungaziyese nokha ndi DFT. Tengani timagulu tiwiri, kena kopa yense ali mkati, kena atomu imodzi ya kopa yasinthana ndi siliva wa pankhope. Werengerani kusiyana kwa mphamvu zake popanda okosijeni. Kenako ikani atomu ya okosijeni pamalo ofanana pa tonse tiwiri, pafupi ndi pamene kopa watulukira, muyese malo angapo: pamwamba pa atomu imodzi, pakati pa ziwiri, ndi pa dzenje la pakati pa zitatu. Spin ikhale yoyatsa. Kusiyanako kukachepa kwambiri kapena kukatembenuka, wonjezerani atomu yachiwiri ya okosijeni ndi yachitatu, muone kuti pamafunika angati kuti kopa atuluke.